Amayi Atapita Kukathokoza Makompyuta Aulere

Masiku ano ndikapita ku Mzilawaingwe, mu Mzuzu, ndimachita kufunsa njira, ine munthu amene ndinkayenda kumeneko ngakhale nditatsinzina. Pamene panali nyumba ya makompyuta ija pali mpanda wa njerwa, ndipo m'kati mwake anamangamo tizipinda ta lendi. Mtengo wa mapeyala umene tinkausapo mvula nawonso anaudula. Sindidandaula kwambiri, tauni ndi yokula basi, koma kamtima kamandiwawa ndithu.

Ife kwathu ndi ku Zomba. Bambo ankagwira ntchito m'boma, ndiye atawasamutsira ku Mzuzu tinabwera tonse, ine ndili wamng'ono. Bambo atamwalira achibale anati tibwerere kumudzi, koma amayi anakana, anati kumudzi kulibe msika. Anayamba kugulitsa kaunjika mumsika waukulu, tinapeza kanyumba ku Msongwe, moyo nkumapita. Chitumbuka amayi anangodziwa cha pabenchi, cha "monire" ndi "yewo chomene" ndi chonenerera mitengo. Ine ndinakula nacho, moti ndikapita ku Zomba asuweni anga ankandiseka kuti ndimayankhula ngati ndikuimba.

Amayi anga anali munthu wa phokoso komanso wa manja otambasuka. Tsiku lotsegula belo mumsika monse munkadziwika. Ankadula mawaya omangira belolo akuimba nyimbo ya kutchalitchi, zovala nkufufuma, fungo la kaunjika nkuti guu, ogula nkuyamba kulandana majuzi, poti ku Mzuzu juzi sigonera pabenchi. Akamva kuti kwina kwatsika mtengo wa makala, sankadya asanauze mzere wonse. Ana a anansi ankadya kwathu kuposa kwawo. Ndikunena zimenezi kuti mumvetse zimene zinachitika pambuyo pake.

Nthawi imene ndikukambayi ndinali nditalemba mayeso a Fomu 4, ndikungodikira. Mzuzu inali itayamba kudzitukumula. Yunivesite inali itatsegulidwa, ndipo ophunzira ake ankayenda m'tauni ndi zikwama zakumsana akuyankhula Chingerezi cha m'mphuno. Kulikonse anthu ankawotcha njerwa, malole a matabwa akungodutsa, tchire limene tinkazulamo bowa tili ana likusanduka mapoloti. Anyamata a sakramento, njinga zonyamula anthu zija, anali mbwee mumsewu, mabelu ali ngerengere. Ndipo aliyense, ngakhale wogulitsa tomato, ankati amene sadziwa kompyuta watsalira.

Ine kompyuta ndinkaifuna pa chifukwa china. Ndinali ndi funso limene sindikanafunsa munthu wa maso ndi pakamwa. Kuyambira ndili ku sekondale ndinkadziwa kuti mtima wanga sukokera kwa atsikana, umakokera kwa anyamata anzanga. Ndinapemphera, ndinasala kudya, ndinayesa ngakhale kufunsira mtsikana wina wa m'kwaya, amene mwamwayi wake ndi wanga anandikana. Palibe chinasintha. Pa wailesi anthu ngati ine ankatitchula ndi mawu onyansa, kutchalitchi chimodzimodzi, ndipo lamulo la dziko linali kumbali yawo. Ndinkangofuna kudziwa ngati ndi matenda, komanso ngati ndinalipo ndekha padziko pano.

M'tauni munali timashopu ta intaneti tolipira. Koma abale, funso lotere mungalifunse mmenemo? Makompyuta onse ankayang'ana pakhomo. Mwini shopu ankaima kumbuyo kwako, mpweya wake uli pakhosi pako, ati kukuthandiza. Odikira nawonso ankawerenga nawe limodzi, ena mpaka kukukonzera Chingerezi. Ndinapitako kamodzi, ndinangofufuza zigoli za mpira wa ku Ulaya, ine munthu wosadziwa ngakhale mbali imene timu yake ikugoletsera, nkutuluka.

Amene ananditsina khutu anali mnzanga wina amene tinaphunzira limodzi ku pulayimale, Mtumbuka wa ku Mzilawaingwe konko. Iyeyu sankabisala ngati ine, kaya sankatha kubisalako. Ankayenda monyang'wa, tsitsi loluka, chikhadabo chimodzi chopaka kyuteksi wofiira, pakamwa pali lumo. Anthu akamukuwiza mumsewu ankawabwezera mawu mpaka iwowo ndiwo ankachita manyazi. Bambo ake anali atamuthamangitsa pakhomo, ndiye ankagona m'shopu ya telala wina kumene ankaphunzira kusoka. Tsiku lina anandipeza pa depoti ndikudikira katundu wa amayi, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, waonda chomene," anatero. "Maganizo akudya. Tiye ndikakuonetse malo."

"Malo anji?"

"A makompyuta. Aulere. Ndipo palibe amene amakuimira kumsana."

Ndinadziwa kuti wandidziwa, ndipo sindinakane. Tinanyamuka masana omwewo, iye tsidya lina la msewu, ine tsidya lina.

Inali nyumba wamba ya malata, yopanda chikwangwani, imene bungwe lina lothandiza achinyamata linkachita lendi. Anansi ankangodziwa kuti ndi za achinyamata ndi za umoyo, basi. Pabalaza panali makompyuta ochepa akalekale, aja a mbuyo zazikulu, amene anthu ena anapereka atatopa nawo. Onse anawatembenuza kuti wokhalapo msana wake uloze kukhoma, moti munthu wolowa ankangoona mbuyo za makompyuta ndi timitu ta anthu tikusuzumira pamwamba. Poweruka tinkawafunditsa zitenje chifukwa cha chinyezi cha Mzuzu.

Woyang'anira malowo anali mayi wina amene tonse tinkangowatchula kuti Asisi. Anali aafupi, a mawu aakulu, osachedwa kukwiya komanso osachedwa kuseka. Malamulo awo anali awiri okha. Loyamba, osaima kumbuyo kwa mnzako ali pakompyuta. Lachiwiri, osanenera mnzako: aliyense nkhani yake anene yekha, ngati akufuna. Nthawi yako ikatha sankabwera kudzakugwira paphewa, ankangogogoda kapu ndi supuni ali pampando wawo, iwe nkudziwa kuti upereke mpata. Za kunja sanachite kutiuza. Tonse tinkadziwa kuti malo aja akangotchuka atha, ndipo mwina ena a ife titha nawo limodzi. Tikakumana m'tauni tinkapatsana moni wa maso okha.

Tsiku loyamba ndinachita zaumbuli. Kachipangizo koyendetsera kamuvi kaja ndinakanyamula m'mwamba nkumakagwedeza.

"Si ndege imeneyo, iwe wa ku Zomba," mnzanga uja anakuwa ali pampando wake. "Ikhwekhwereze patebulo!"

Nyumba yonse inaseka, ine ndemwe. Kenaka anandisiya ndekha. Ndinalemba funso langa lija m'Chingerezi chothyokathyoka, nkudikira. Intaneti ya masiku amenewo inali yaulesi, tsamba linkatsika pang'onopang'ono kuchokera pamwamba ngati munthu akufunyulula mphasa. Litatsika ndinawerenga kuti si matenda, kuti madokotala analeka kale kunena choncho, kuti tilipo ambirimbiri m'mayiko onse, a kuno kwathu omwe. Ndinalira. Ndinalira ndithu, mamina ali chuchuchu, ndipo palibe anabwera kudzasuzumira chimene ndinkawerenga. Asisi anangoika kapu ya tiyi m'mphepete mwa tebulo, nkhope atayang'ana kumbali, nkubwerera pamalo pawo.

Masiku otsatirawo ndimawasowa mpaka lero. Musaganize kuti tinkangowerenga zolira ayi. Wina ankalemba zofunsira ntchito, atsikana awiri amene nthawi zonse ankabwera limodzi ankapikisana kutaipa, mnzanga uja ankafufuza masitayelo a madiresi nkumajambula pa pepala, uku akutukwana intaneti m'Chitumbuka. Ine ndinatsegula imelo imene panalibe wondilembera, koma ndinkaiyendera tsiku ndi tsiku ngati munda. Ndinayambanso kuwerenga za maphunziro a ku yunivesite, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaganiza kuti mwina ndidzakula, ndidzakhala munthu.

Magetsi akathima, zimene zinkachitika pafupipafupi, tonse tinkati "aaa!" nthawi imodzi nkutulukira pakhonde la kuseri. Pamenepo ndiye panali sukulu yeniyeni. Tinkawotcha chimanga pa mbaula, mvula ya mawawa ikugwa, wina akuluka mnzake tsitsi, wina akuyeseza kayendedwe ka abusa a kwawo mpaka tonse nthiti kuwawa. Asisi ankatikalipira kuti tichepetse phokoso, koma iwo ndiwo ankaseka mokweza kuposa tonse. Aliyense wofuna kubwerera pakompyuta ankayamba waonetsa manja kuti alibe mwaye, apo ayi supuni ija inkatera pa zala. Pakhonde paja ndinkakhala pansi osaganiza za mmene ndaikira miyendo kapena mmene mawu anga akumvekera. Munthu amene sanadzilonderepo yekha tsiku lonse sangamvetse kukoma kwake.

Vuto linalowera pakamwa panga. Amayi atandifunsa kumene ndinkasowera masana onse, ndinawauza kuti ndikuphunzira kompyuta kwaulere ku Mzilawaingwe. Sindinaname, makompyuta analipodi. Ndinkafuna andione ngati mwana wanzeru, osati lova wongotha nsapato m'tauni. Koma walira mvula walira matope. Ndinaiwala kuti kwa amayi anga kudya wekha chinthu chabwino chaulere ndi ufiti.

"Ulere?" anafunsa atatong'ola maso. "Osalipira kalikonse?"

"Kalikonse, amayi."

"Ambuye ngwabwino! Ndiye ana a anzathu akungokhala m'makomomu, iwe uli phee? Mwana wa mnzako ngwako yemwe, iwe!"

Posakhalitsa mzere wonse wa kaunjika unkadziwa kuti mwana wa mayi a ku Zomba aja akuphunzira kompyuta. Ndikapita kukathandiza kunyamula belo, amayi anzawo ankandikoka malaya. "Iwe mwana, wanganso ukamutengeko." Ndinkayankha kuti ndikafunsa kaye. Ndinkaganiza kuti aiwala, poti nkhani za mumsika sizichedwa kuzizira. Kenaka tsiku lina tikudya, amayi ananena mawu amene anandithetsa njala.

"Ndauza alembi a mpingo. Lamulungu likubwerali andipatsa mpata pa zolengeza, ndidziwitse makolo onse za makompyuta akowo. Koma ndisanalengeze ndiyenera kukaonekera kaye. Anthu akundiphunzitsira mwana ulere ine osakathokoza, andiyesa munthu wotani? Mawa undiperekeze."

Apa ndiye ndinagwira njakata. Mpingo wathu unali waukulu, ndipo munali anthu amene ndinawamvapo ndi makutu angawa akunena kuti anthu ngati ife ngofunika kuwotcha. Makolo akanangobwera ndi ana awo nkuona mnzanga uja ndi chikhadabo chake, nyumba ija ikanagendedwa tsiku lomwelo. Koma chimene chinkandiopsa kuposa zonse chinali chakuti amayi adziwa. Ndinalibe wina padziko lapansi koma iwo, ndipo ndinali nditaona ndi maso anga zimene zimachitikira mwana makolo ake akadziwa.

Ndinayesa zonse. Ndinati ndi kutali, anati miyendo ali nayo. Ndinati aphunzitsi amatanganidwa, anati kuthokoza sikutenga tsiku lonse. Ndinati kuli matope, anandiyang'ana ngati ndapenga, poti ku Mzuzu ndi kuti kumene kulibe matope? M'mawa mwake anandikhazika pabenchi yawo mumsika, ati tikanyamukire limodzi. Mpata wothamangira kukachenjeza Asisi panalibe, ndipo foni masiku amenewo inali ya mabwana.

Masana anasiyira mnzawo benchi, anavala chitenje chawo cha ku mpingo, anagula nthochi zodzaza beseni nkusenza pamutu. Sakramento anakana kukwera, anati iwo si thumba la chimanga. Tinayenda wapansi, iwo patsogolo ngakhale njira sankaidziwa, ine pambuyo ndikulozera, ndikupemphera kuti magetsi akhale atathima ndipo anthu abalalika. Koma magetsi a Mzuzu, amene ankatigwiritsa fuwa lamoto tsiku ndi tsiku, tsiku limenelo anali ngwee.

"Odi kuno!"

Anatero amayi titafika pakhomo. Timitu tonse tinatulukira pamwamba pa makompyuta. Mmodzi wa atsikana aja anachotsa msanga dzanja paphewa la mnzake. Asisi anandiponyera diso kamodzi kokha, koma linandikwana. Kenaka anamwetulira, anapukuta mpando ndi nsonga ya chitenje chawo.

"Njirani, amama. Monire. Khalani apa."

Amayi anatula beseni, anakhala, anapereka moni wonse mwa dongosolo lake, wa kunyumba ndi wa ana omwe. Atatero anawomba m'manja mwaulemu.

"Achemwali, ine ndine mayi wake wa uyu. Bambo ake anatisiya. Ndabwera kudzathokoza. Zimene mukumuchitira mwanayu ine sindikanazitha, Mulungu yekha akudalitseni."

"Yewo chomene, amama," anayankha Asisi. "Mwana wanu ndi wanzeru, amagwira msanga."

Amayi anakondwa, nkuyamba kumwaza maso. Maso a munthu wa kaunjika saphonya kanthu, amaona kabowo ka pakolala kali patali. Anaona atsikana aja ndi malaya awo achimuna ndi tsitsi lometa. Anaona mnyamata wina wa ndolo. Kenaka maso anakaima pa mnzanga uja, pa tsitsi lake loluka, pa chikhadabo chake. Kumwetulira kuja kunayamba kuzilala.

"Ndiye achemwali," anatero, mawu atatsika, "Lamulungu ndimati ndikalengeze kutchalitchi kuti ana ena abwere. Kodi ana amenewa mumawasankha bwanji?"

Asisi anapukusa mutu. "Amama, chonde musakalengeze. Malo ano ndi a ana amene kwina amawathamangitsa."

"Kuwathamangitsa? Alakwanji? Ndi akuba?"

Asisi sakanatha kunenera munthu, lamulo linali lawo lomwe. Kunkangomveka kung'ung'udza kwa makompyuta aja. Ndiye mnzanga uja anaimirira. Ndinatseka maso kuyembekezera lumo la pakamwa pake lija, koma iye anatuluka kuseri kwa kompyuta, anayenda pang'onopang'ono, nkukanjuta patsogolo pa amayi monga mwana woleredwa bwino.

"Amama, sindine wakuba yayi. Ine adada anandithamangitsa chifukwa ndimakonda anyamata anzanga. Ndikunena za ine ndekha."

Amayi anamuyang'ana. Kenaka anatembenukira kwa ine, amene ndinali chiimire pakhomo.

"Nanga iwe wakuthamangitsa ndani?"

"Palibe, amayi."

"Ndiye muno ukufunamo chiyani?"

Ndikanatha kunena kuti ndimangobwerera makompyuta. Mawuwo anali pa lilime, ndipo ndikudziwa kuti m'nyumbamo munalibe ndi mmodzi yemwe amene akananditsutsa. Koma mnzanga anali chinjutire pansi paja, ndipo ine pakamwa panakana. Ndinangoweramitsa mutu, misozi ikugwera pa simenti. Amayi sanafunsenso.

Anaimirira, anamanga bwino chitenje, anatsanzika Asisi ndi ulemu womwe uja analowa nawo. Nthochi anazikhuthulira patebulo, beseni anatenga. Panjira sananene kanthu. Ankayenda mofulumira, matope akuwathovukira m'miyendo, ine ndikuwatsatira chapatali. Titafika kunyumba analowa kuchipinda nkutseka chitseko, ndipo ndinawamva akulira maliro enieni, ngati aja analira bambo atamwalira.

Masiku otsala kufika Lamulungu anatalika. Chakudya ankandisiyira patebulo chovundikira, koma mawu ayi. Kumsika sanandiitane. Ndikamva mapazi awo pakhonde ndinkati basi, lero andiuza zochoka. Ndinathamangira ku Mzilawaingwe kukaona anzanga, ndinapeza makompyuta ena atawafunditsa masanasana, ena Asisi atawasamutsira kale kwa mnzawo kuopa kuswedwa. Asisi anandilandira ndi moto.

"Iwe m'mutu mwako muli madzi? Ukauza mayi wa mumsika za chinthu chaulere, wauza Mzuzu yose!"

Atatopa kukalipa anandigwira paphewa. "Zikavuta ubwere kuno. Mphasa siisowa."

Mnzanga uja anali pakhonde akusenda nthochi. "Kaya atigendetsa, kaya bwanji," anatero, "koma nthochi amadziwa kusankha amama ako."

Lamulungu m'mawa amayi anagogoda pachitseko changa. "Vala. Tichedwa." Amenewo anali mawu awo oyamba chichokereni ku Mzilawaingwe. Sindinadziwe ngati akunditengera kopemphera kapena kokandipereka. M'tchalitchi ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo. Nyimbo sindinazimve, ulaliki sindinaumve. Itakwana nthawi ya zolengeza, alembi anawerenga za maliro, za ukwati, za njerwa zomangira holo, kenaka anakweza mutu.

"Mayi athu a ku Msongwe ali ndi uthenga wabwino kwa makolo, wa makompyuta aulere."

Anthu anayamba kunong'onezana mosangalala, poti ambiri anali atamva kale. Amayi anaimirira pakati pa amayi anzawo, atavala zoyera. Ine ndinkangoona msana wawo. Ndinagwira benchi, miyendo itakonzeka kuthawa.

"Abale ndi alongo," anatero, "zija ndinanena za makompyuta, ndinapitako ndekha kukaona. Pepani, ndinafulumira pakamwa. Malo anadzaza kalekale, sakulandiranso ana ena. Musadzivute kupitako."

Mayi wina kutsogolo sanakhutire. "Nanga ndi pati pamenepo? Mwina tikalembetseretu za chaka chamawa."

"Akusamuka," amayi anayankha osaphethira. "Akubwerera kwawo ku Lilongwe." Nkukhala pansi.

Anthu anadandaula pang'ono, alembi anapitiriza za chopereka, nkhani inathera pomwepo. Amayi anga, amene wogula akafunsa ngati jekete lili ndi chilema ankamuonetsa okha pamene pang'ambika, anali atanama pamaso pa mpingo wonse.

Nyumba ija sinagendedwe. Makompyuta anabwerera m'malo mwake, ndipo inagwira ntchito zaka ndithu, mpaka mafoni atabwera aliyense nkuyamba kufunsa mafunso ake ali m'bulangete. Koma zimenezo ndi zam'tsogolo. Tsiku limenelo ine sindinkadziwabe ngati amayi ateteza ife kwa anthu, kapena ateteza ana a anthu kwa ife, ndipo sindinkadziwa ngati ndikagona kunyumba.

Potuluka sanaime kucheza pabwalo monga mwa masiku onse. Tinalowa njira ya ku Msongwe. Titafika pa mapoloti atsopano, pamene panali mauvuni a njerwa okhaokha popanda munthu, anaima nkundidikira.

"Wandimva muja?"

"Ndamva, amayi."

"Chibadwire sindinanamepo m'nyumba ya Mulungu. Lero ndanama, ndipo ndikayankha ndekha kumwambako." Mawu awo ankanjenjemera. "Zakozi sindikuzimvetsa, ndipo usayembekezere kuti mawa ndidzuka nditazimvetsa. Zikundiwawa apa." Anadziguguda pachifuwa. "Zikundiwawa, wamva?"

"Ndamva, amayi."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku, anayang'ana kumbali, kenaka mawu awo a mumsika aja anabwerera.

"Ndipo chikwama chimene wabisa pansi pa bedi ndachiona. Umaganiza kuti ndimasesa nditatsinzina?"

Ndinali nditalongezamo zovala zanga zonse, kuti akandithamangitsa ndisachedwe pakhomo anansi akuonerera.

"Ukafika ukamasule," anatero amayi. "Ndinaika kale mwamuna m'dothi la Mzuzu, sinditayanso mwana m'misewu yake. Tiye, ndasiya zovala pachingwe ndipo kumwambaku kwada."